Burashi ya Pamsomali

Ku Old Town, Lilongwe
Lachinayi masana

Wokondedwa mwana wanga Limbani,

Chitseko cha shopu ndachitseka theka, ndakhala pa mpando wa makasitomala, ndipo thabwa lija ndimakhazikapo ana powameta ndilo lasanduka tebulo langa lero. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Zomba kupita ku koleji. Ndilembenso kachiwiri kuti ndione bwino ndi maso anga: mwana wa wometa wa ku Area 1 akupita ku koleji! Chimvekereni dzina lako pa wailesi, palibe munthu amene wakhala pa mpando uno n'kudzuka asanamve nkhaniyi. Ena ndawauza katatu, koma munthu amene ali ndi lumo pakhosi sanena kuti wamva kale.

Ndikanakuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa, ndikayamba kulankhula ndimakafika kwathu ku Mitundu ndisanatchule chimene ndimafuna. Komanso pali kanthu kamene kandikhala pamtima kuyambira Lachiwiri, ndipo sindikufuna kuti ukwere basi kadakali pomwepo. Tsiku limenelo kunabwera mnzako uja wa ku Area 11, Gilbert, amene mukupita naye limodzi. Galimoto ya bambo ake itaima panja, iwe unathamangira pakhomo, n'kuchotsa burashi yanga yakale yometera ndevu pa msomali, n'kuiponya m'dilowa. Unkayesa sindikuona chifukwa ndinali nditakufulatira. Wometa amaona za kumbuyo kwake m'galasi, mwana wanga. Ndinamva ukumuuza mnzakoyo kuti, "Tiye tizipita, aise, muno mulibe chachilendo." Ine ndinangomaliza kumeta munthu amene ndinali naye. Koma zinandiwawa, Limbani, sindikubisira.

Zinandiwawa chifukwa burashi imeneyo ndi imene ndinakonza zokupatsa ponyamuka. Ndilibe wotchi ya golide kapena jekete la kunja loti ndikuveke. Tsono sindikudziwa ngati uilandira kapena uisiya. Sindikulowetsera mu sutikesi mobisa ayi. Ndaibwezera pa msomali wake, ndipo ukaifuna uichotsepo ndi dzanja lako. Koma uyambe wamva kumene yachokera.

Ndinafika m'tauni muno dziko litangolandira ufulu, ndili ndi kabudula mmodzi ndi njala ya ntchito. Amene anandilandira anali a Jafali, Msilamu wa ndevu zoyera amene ankameta anthu pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Ine Mkhristu wa kumudzi, iwo a ku mzikiti, koma za tchalitchi sanandifunse. Anangoyang'ana zikhadabo zanga n'kunena kuti, "Kawenge izo, ubwere mawa." Zida zawo zinali lumo lopinda, lamba wonolera, mashini a pamanja, ndi burashi imeneyi. Anabwera nayo kuchokera ku Halale kumene anagwirako ntchito, chogwirira chake cha mtengo wakuda, ubweya wake wa hatchi. Miyezi itatu yathunthu lumo sanandigwiritse. Ntchito yanga inali kutsuka burashi basi, ndipo mumtima ndinkang'ung'udza kuti mkuluyu akunditayitsa nthawi.

Kulakwa kwanga koyamba kunabwera ndi chisanu cha mu Juni. Ndinaona kuti a Jafali amaviika burashi m'madzi ofunda asanapange thovu, ndiye ndinati, ngati ofunda amathandiza, owira aposa. Sindinafunse. Ndinathira madzi a m'ketulo ali gadugadu m'kapu, n'kumizamo burashi yonse mpaka chogwirira, n'kuisiya momwemo kudikira kasitomala. Woyamba kufika anali dalaivala wa lole ya fodya, munthu wamtali wa mawu aakulu. A Jafali anapaka sopo, anazunguliza pa tsaya kamodzi, kawiri, ndipo ubweya unayamba kutsalira pa nkhope ya munthu. Guluu wa m'kati anali atasungunuka. Dalaivala uja anayang'ana m'galasi n'kukuwa kuti, "A Jafali, ine ndabwera kudzachotsa ndevu, osati kudzaonjezera!" Msika wonse unaseka, mpaka amayi ogulitsa tomato anabwera kudzaona. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

A Jafali sanandimenye, ngakhale ndinayenera. Ananditenga kwa wosoka nsapato, ndipo ndinaima pomwepo kuonerera ubweya wotsalawo ukumangidwa ndi ulusi wa nsapato n'kumatidwanso. Ulusi wakuda uja uli m'khosi mwa burashi, umene mwina umayesa litsiro, ndi chipsera cha uchitsiru wanga. Pobwerera anandiuza kuti, "Madzi amene chala chako sichingapirire, ubweyanso sungapirire. Unali pa nyama yamoyo umenewu." Choncho iwe, madzi akhale ofunda chabe, ndipo uziviika ubweya wokha, chogwirira chikhale kunja. Ku kolejiko ukapeza zinthu zambiri zimene ukayese kuti wazimvetsa chifukwa waziona kawiri. Ukafunse, Limbani. Safunsa anadya phula, ine ndinatsala pang'ono kudya ubweya wa hatchi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatsuka burashi monga anandiphunzitsira, ndipo ndikuuza iwenso momwemo. Ukatha kumeta, uitsukuluze mpaka madzi atuluke oyera, makamaka m'munsi momwe ubweya wakumana ndi chogwirira, chifukwa sopo wobisala mmenemo ndi amene amaudya. Uifinye pang'ono ndi zala, osaipotokola ngati ukufinya thaulo. Uikutumule katatu. Kenaka uipachike pa msomali ndi kachingwe kake, ubweya utaloza pansi, pamthunzi podutsa mphepo. Ndipo usaitsekere ili yonyowa. Mawu amenewa a Jafali ankandiuza tsiku lililonse mpaka ndinkawalota: usaitsekere ili yonyowa.

Tsono imva kulakwa kwachiwiri, kumene ndi kwakukulu, ndipo sindinakuuzepo chifukwa cha manyazi. Unali ndi zaka zochepa, sungakumbuke. Likulu la dziko linali litangosamukira kuno, maofesi akumera ku Capital Hill, ndipo boma linali litaletsa amuna kusunga tsitsi lofika pa kolala. Lamulo limenelo ometa sitinalidandaule. Ndinachoka pansi pa mtengo n'kulowa m'kachipinda kano. A Jafali anali atakalamba, ndipo pobwerera kwawo anandisiyira burashi pamodzi ndi makasitomala awo a Lachisanu, abambo a ku mzikiti amene amabwera m'mawa kudzametetsa mutu, m'masaya ndi m'khosi asanapite kokapemphera. Wamkulu wawo anali a Shehe Issa, omwewa amakusisita m'mutu mpaka lero. Iwo akakhala pa mpando, ena onse ankatsatira.

Ndiye ndinayamba kudzimva. Ndinali ndi chitseko, galasi lalikulu, ndi dzina langa lolembedwa ndi penti pakhoma. Ndikayang'ana burashi ya a Jafali ndi ulusi wake wa nsapato, ndinkaona kuti ikundichititsa manyazi pamaso pa anthu a mataye. Ukumva, Limbani? Chimene unachita iwe Lachiwiri, ine ndinachita kale. Ndinakwera njinga kupita ku City Centre, n'kugula burashi yatsopano ya chogwirira chofiira chonyezimira, ya m'kabokosi kolembedwa Chingerezi. Yakale ija ndinali nditangoigwiritsa ntchito m'mawa womwewo. Ndinaiponya m'chitini cha tiyi ili yonyowa, n'kutseka chivindikiro, n'kukankhira pansi pa shelefu.

Lachisanu litafika, a Shehe anakhala pa mpando. Nditaviika burashi yatsopano, kunatuluka kafungo kena. Iwo ananunkhiza, anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Ija ya a Jafali ili kuti? Nanga ubweya uwu ndi wa chiyani, mwananga?" Ine sindinkadziwa. Chingerezi cha pa bokosi sindinkatha kuchiwerenga, ndipo m'sitolo muja sindinafunse. Koma pa benchi panali anthu asanu akundiyang'ana, ndipo pakamwa panga panayankha pokha kuti, "Ndi wa hatchi, a Shehe, ngati ija yomwe." Anandisiya dzanja. Ndinawapaka thovu, ndinawameta, ndinametanso ena onse, ndipo anapita ku mzikiti.

Mawa lake kunabwera kalaliki wina wachinyamata wa ku Capital Hill, dzina lake a Mbewe. Pofuna kudzitama ndinawaonetsa kabokosi kaja. Anawerenga, anandiyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Akulu, Asilamu aja mwawametera imeneyi? Apa alemba kuti ndi ubweya wa nkhumba." Iwe wakulira pakati pa Asilamu, ukudziwa kuti kwa iwo nkhumba ndi chinthu chodetsa. Ine ndinali nditaipaka pa nkhope za anthu asanu ndi mmodzi, pa tsiku lawo lopatulika, akupita kokapemphera, ndipo ndinali nditawanamiza. A Mbewe anandimvera chisoni. Anati, "Ine sindiuza munthu. Ingoitayani mwakachetechete, nkhani yatha."

Ndikuuza zoona, ndinafuna kutero. Tinkadziwa anthu awiri okha. Koma nditawauza amayi ako, iwo anasiya kusita malaya, n'kuimika simbi, n'kunena kuti, "Ndiye Lachisanu lililonse muzidzawagwira nkhope anthu amenewa muli ndi bodza m'thumba? Pitani mukawauze. Akakusiyani akusiyeni, tidzadya therere." Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti za ntchito ya amuna sakuzidziwa. Iwo anangopitiriza kusita. Ukadzafuna kukwatira, Limbani, udzafune mkazi woimika simbi ngati ameneyu.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ndinapita kunyumba kwa a Shehe ndisanavule jekete la ku tchalitchi. Ndinawapeza pakhonde. Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi, n'kuika burashi yofiira ija patali ndi mkeka wawo. Ndinati, "A Shehe, ndinakunamizani. Ubweya uja si wa hatchi, ndi wa nkhumba. Sindinkadziwa, koma ndinayankha ngati ndikudziwa." Nkhope yawo inagwa. Kenaka anati, "Kusadziwa si mlandu. Koma unandiyankha." Anadzuka n'kulowa m'nyumba osanditsanzika. Pobwerera ndinaiponya burashi ija m'dzala.

Lachisanu lotsatira benchi inali yopanda munthu. Linzake chimodzimodzi. Ndinkaona abambo aja akudutsa tsidya la msewu, mikanjo ili mbee, osayang'ana kuno. Ngakhale ogulitsa nyama amene tinkaseka nawo ankangondipatsa moni wa pamphuno. M'masiku amenewo m'pamene ndinakumbukira chitini cha tiyi chija. Nditatsegula, fungo lake linandibweza m'mbuyo. Ubweya unali utachita nkhungu yobiriwira, utapindika mbali imodzi, chogwirira chitayamba kung'aluka. Ndinakhala pa mpando uno n'kulira, bambo wa ana. Munthu anandisiyira dzina lake, ine n'kulitsekera m'chitini lili lonyowa.

Koma sindinaitaye. Ndinaitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, kenaka m'madzi ofinyiramo ndimu, kawiri pa tsiku. Ndinaipesa ndi chipeso cha mano aang'ono, pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga. Chogwirira ndinachipaka mafuta a nsatsi. Ubweya wina unathothoka, n'chifukwa chake ukuiona yowonda chonchi, koma wambiri unagwira. Ndipo ndinakhoma msomali pa felemu la chitseko, poonekera aliyense wodutsa, n'kuipachika pamenepo. M'mawa uliwonse ndinkaitsuka panja ngakhale inali isanamete munthu. Anzanga ometa ankandiseka kuti ndayamba kusambitsa maliro.

Lachisanu lachinayi, ndikusesa pakhomo, ndinaona nsapato zaima patsogolo pa tsache langa. Anali a Shehe. Sanandipatse moni. Anachotsa burashi pa msomali, anaitembenuza, anakhudza ulusi wa nsapato uja, anainunkhiza. Kenaka analowa, anavula chisoti, n'kukhala pa mpando. Ine ndinayamba kunola lumo pa lamba. Iwo anatseka maso, anakweza chibwano, n'kunena mokweza kuti amene anali panja amve: "Munthu amene anabwera yekha kudzadziulula, palibe womukakamiza, ameneyo ndingamupatse khosi langa ali ndi lumo m'manja. Meta, mwananga." Limbani, ndisanamalize tsaya limodzi benchi inali itadzaza, ena ataima pakhonde! Tsiku limenelo ndinameta mpaka mkono unachita dzanzi, ndipo pobwerera kunyumba ndinkayimba pa njinga msewu wonse. Chiyambire pamenepo Lachisanu silinandisowepo anthu, ndipo Malachisanu amenewo ndi amene akufikitsa iwe pa basi ya mawa.

Tsono za mnzako Gilbert, ndikuseke pang'ono. Galimoto ija unaiopa ija ine ndimaidziwa bwino, chifukwa Loweruka lililonse m'mawa ndimatsamiritsa njinga yanga pafupi nayo ku Area 11. Bambo ake ndi a Mbewe omwe aja, kalaliki amene anandiwerengera kabokosi. Lero ndi bwana wamkulu, ali ndi mashini a magetsi m'bafa, koma amandiitanabe, ndipo ndikangofika amafunsa kuti, "Mwabwera nayo ija ya ulusi?" Ndiye iwe unabisira mwana burashi imene imayenda pa nkhope ya bambo ake. Ndinafuna kuseka Lachiwiri lija, kungoti mtima unali ukupweteka.

Sindikukuimba mlandu, mwana wanga, poti ine ndinatsogola. Ndikungofuna kuti iwe usadikire benchi yopanda munthu kuti uphunzire. Kumeneko ukakumana ndi ana a m'mipanda, olankhula Chingerezi cha m'mphuno. Ukacheze nawo, ukaphunzire zabwino zawo. Koma akakakufunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji, ukayankhe msanga, usanameze malovu, kuti ndi wometa ku Old Town. Ndipo akakakufunsa chinthu chimene sukuchidziwa, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mtsikana, ukanene kuti sindikudziwa. Mawu amenewo ndi aafupi, koma ine anandilemera mpaka ndinataya Malachisanu atatu.

Zina ndi zazing'ono, koma ndizinene poti pepala lilipo. Burashi usamabwereke anzako, nthenda za pakhungu zimayenda pa ubweya. Popaka thovu usamaikanikize pa tsaya mpaka kuphwatalala, nsonga zokha ndizo zimagwira ntchito. Usaiyanike pa dzuwa la phwee kapena pafupi ndi moto pofuna kuti iume msanga. Ikauma gwa ndi sopo, madzi a ndimu aja. Tsitsi lako lisafike pa kolala, mwana wa wometa asakametedwe ndi apolisi. Khadi la chipani lizikhala m'thumba. Ndipo pakamwa usamale. Pa mpando uno ndamva zambiri zoti zikanatha kusowetsa anthu, koma zonse ndinazisesa pamodzi ndi tsitsi. Uzikawalembera amayi ako, chifukwa iwo sadzanena kuti akusowa, azidzangondikalipira ine.

Usadandaule za abambo a Lachisanu. Ndinawauza a Shehe sabata yatha kuti ndikufuna kukupatsa burashi, ndipo anati, "Mpatse mwanayo. Ife tinasiya kale kubwera chifukwa cha burashi." Mphwawo woyenda malonda wandibweretsera ina ya hatchi, ndipo bokosi lake ndawerengetsa anthu atatu. Ndiime kaye apa, ndakuona ukubwera ndi chakudya changa. Ndikusiya m'shopu ndikagule envelopu, kalata ya mwana wa koleji siyenda yosavala.

Ndikumalizira kunyumba, dzuwa lisanalowe. Nditabwerako kogula envelopu ndinapeza iwe wachoka, wakhoma chitseko n'kusiya kiyi kwa atelala oyandikana nafe. Ndinayang'ana pa felemu, msomali uli wokha. Ndinatsegula dilowa, mulibe. Ndinati mwana uyu ulendo uno waitayiratu. Kenaka ndinaona kuti mapepala anga pa thabwa asanjidwa bwino, mmene ine sindisanjira, ndipo m'kapu muli thovu latsopano. Ndinapalasa njinga ngati ndikuthawa mvula.

Amayi ako ndinawapeza pakhomo akuseka. Anati, "Mwana wanu wabwera masaya ali see, wadzicheka pawiri, maso ali ofiira. Wati akupita kukatsanzika kwa a Shehe. Kaoneni mu sutikesi." Ndinatsegula, ndipo inali momwemo, pamwamba penipeni pa malaya ako oyera. Ndinafuula mpaka nkhuku zinabalalika. Waitenga ndi dzanja lako, Limbani! Wawerenga kalata ya mwini usanapatsidwe, limenelo ndi khalidwe loipa, koma lero ndakukhululukira.

Chimodzi chokha. Masamba onsewa wawerenga, mawu a a Jafali wawaona ndi maso ako, koma waikulunga m'pepala la pulasitiki n'kutseka sutikesi ili yonyowa. Ndiwedi mwana wanga. Ndaitulutsa, ndaitsukuluza, ndaimangirira pa chogwirira cha sutikesi, ubweya utaloza pansi, ndipo pofika m'mawa ikhala itauma. Envelopuyi ukaimva kulemera usadabwe. Ndinabwerera ku shopu n'kuzula msomali uja, uli m'katimu. Ukangofika ku Zomba ukaukhome pakhomo pa chipinda chako, poonekera.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu wa ku tchalitchi kwathu ndi mapemphero a abambo a Lachisanu zikuperekeze.

Ndine bambo ako,
Wometa wa ku Area 1